Mwala Umene Ndinaika M'belo la Apongozi

Batani lofufutira kulibe. Ndalifunafuna ine batani limenelo, pafoni yanga, pafoni ya mlamu wanga, mpaka pakompyuta ya kusukulu ija imayaka ikafuna, koma kulibe. Lofalitsira lokha ndiye analiika pakati penipeni, lalikulu, lofiira psuu, loti ngakhale chala chitangoterereka chigwere pomwepo. Anthu amene anapanga tsamba la pa intaneti limenelo sindikuwadziwa, koma nditakumana nawo pamsika wa Chamama moni sindingawapatse.

Ndiyambe ndi masewera amene timasewera, poti ambiri kuno akamva amati ndi njuga. Si njuga ayi. Timakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala lolembapo munthu wake wa m'nkhani, wina mlenje, wina msilikali, wina sing'anga. Mmodzi amakhala wofotokoza nkhaniyo, ndipo ameneyo ndine. Ndimawauza kumene afika ndi chimene chawatsekera njira, iwo amanena chimene achite, kenako timaponya madayisi kuti tione ngati zatheka. Ndinawaphunzira kukoleji ya uphunzitsi. Nditabwera kudzaphunzitsa kufupi ndi Chamama ndinakopa anthu atatu: wometa tsitsi wa pamsika, mayi wina wa zaumoyo, ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga. Tinkasewera Lamulungu masana tikachokera kutchalitchi, m'kalasi mwanga, titalumikiza madesiki awiri.

Malamulo a masewerawa ali patsamba lina la pa intaneti. Pomwepo palinso malo oti munthu upange zakozako, kaya chilombo kaya chida chomenyera nkhondo. Ukafuna umasunga mobisa, n'kumagwiritsa ntchito wekha ndi anzako. Ukafuna umafalitsa, kuti wina aliyense padziko aone, atenge, akaike m'masewera ake. Ine ndinali ndisanafalitsepo kanthu.

Kwathu n'kumpoto kwa boma lino, kumalire kumene timasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo kumeneko mkazi ndiye amatsatira mwamuna. Koma ndinakwatira kwa Achewa, nyumba ya mphunzitsi pasukulu panalibe, ndiye ndinangopezeka ndili pachikamwini. Mkazi wanga anandilangiza sabata yoyamba: apongozi suwayang'ana kumaso, sukhala nawo mphasa imodzi, dzina lawo sutchula, mukakumana panjira umapatuka. Mawu aliwonse ankadzera mwa iye. "Akuti mukatenge khasu." "Akuti mbuzi zalowa m'dimba." Zaka zitatu ndinakhala bwalo limodzi ndi munthu, koma mawu ake ndinkawamva akamalankhula ndi ena.

Apongozi angawo, bambo ake a mkazi wanga, anali mlimi wa fodya moyo wawo wonse. Chala chawo cha mkombaphala kudzanja lamanja chinaphwanyidwa kalekale ndi jeke yodindira mabelo, chinangotsala kachidutswa. Chipewa cha mlaza sichinkachoka kumutu. Anali ndi chifuwa chouma chimene unkachimva iwo asanatulukire pangodya. Tsamba la fodya ankalinunkhiza kaye asanaliyang'ane, ndipo ine zimenezo zinkandiseketsa mumtima.

Chaka china patchuthi cha Pasaka ndinati ndionetse kuti nanenso ndine munthu pamudzi pano. Ndinalowa m'chigafa kukasankha fodya. Ntchito yake ndi kuika pamodzi masamba ofanana mtundu ndi kutalika, n'kuwamanga timitolo, kuti podinda belo mulowe fodya wa giredi imodzi. Ndinagwira masiku atatu, msana kuwawa, manja kuda bii, fumbi la fodya lili m'mphuno. Tsiku lachinayi m'mawa ndinapeza apongozi atakhala pansi m'chigafamo akumasula timitolo tanga. Kamodzikamodzi, osafulumira, akununkhiza tsamba lililonse n'kuliika pena. Tonse ndithu, osasiyako ndi kamodzi komwe koti ndidzitonthoze nako. Sanandiyang'ane. Ndinaima pakhomo pa chigafa ngati chitsa, kenako ndinabwerera kunyumba.

Madzulo mkazi wanga anabweretsa uthenga. "Akuti mwayesetsa, koma manja a choko sadziwa tsamba."

Abale inu! Manja a choko! Ine munthu wa masatifiketi anga, wophunzitsa zidzukulu zawo zomwe! Ndinapsa mtima moti ndinalephera kudya. Koma ndikanamuuza ndani? Kuyankha kunali kosatheka, ndipo kutuma mkazi wako kuti akatukwane bambo ake omubala ndiye misala yeniyeni. Mawa lake ndinapita pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imagwira bwino, ndinatsegula tsamba lija n'kuyamba kupanga chilombo.

Ndinachitcha Mlonda wa Chigafa. Ndinalemba m'Chingerezi, poti tsambalo ndi la Chingerezi. Ndinachipatsa chipewa cha mlaza, chala chimodzi chachifupi, ndi chifuwa chomveka kutali. Ndinalemba kuti chimanunkhiza mdani chisanamumenye, ndipo mphamvu yake yaikulu ndi kumasula chilichonse chimene munthu wamanga, kaya chingwe, kaya lamba wa lupanga, kaya nsapato. Mpaka pamenepo ndinkaseka ndekha pachulupo. Kenako ndinawonjezera mzere umodzi: Mlonda wa Chigafa amabisa miyala pakati pa belo kuti lilemere, ndipo wogula amazindikira atafika kale kutali.

M'dera la fodya palibe chitonzo choposa chimenecho. Mlimi wobisa mwala kapena fodya wowola m'kati mwa belo akagwidwa kuokushoni, belo limabwezedwa, nambala yake imadziwika, ndipo kumudzi amamuloza chala mpaka imvi. Apongozi sanachitepo zimenezo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti sanachitepo. Ndinaika mzerewo chifukwa chilombo chinkafunika kachinyengo kake, komanso chifukwa mtima unali ukuwawa ndipo ndinkafuna kulasa penipeni.

Nditadina batani lofiira lija panatuluka kabokosi ka zilembo zing'onozing'ono. Bandulo inali itatsala pang'ono kutha, dzuwa likundiwala m'maso, ndiye ndinangodina kuvomereza osawerenga. M'kabokosimo ndi mmene munali chenjezo loti chinthu chikafalitsidwa sichisinthidwanso, sichifufutidwanso. Zimenezi ndinadzaziwerenga patapita chaka.

Chilombocho anthu anachikonda, ndiye tsoka lake. Anthu a mayiko amene sindinafikeko anayamba kuchitenga. Wina analemba pansi pake kuti sanaonepo chilombo chotere, wina anafunsa kuti chigafa n'chiyani ndipo ndinamufotokozera monyadira. Ndinkati ndikaweruka n'kudutsira pachulu kukaona ngati wina walembanso. Ndinadzimva kukoma, sindikana. Patebulo pathu pokha sindinachitulutse, poopa mlamu wanga.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lamulungu lina, fodya wa chaka chotsatira ali m'chigafa, ndinafika kumasewera ndisanakonze nkhani. Ndinangotola Mlonda uja n'kuwaponyera anzanga. Za mwala ndinazilumpha dala. Nditangonena za chala ndi chipewa, mlamu wanga anaponya madayisi pansi n'kugwira m'mimba.

"Alamu! Awa si madala awa? Ndithu ndi madala awa! Inu mudzafa imfa yowawa!"

Anaseka mpaka misozi. Wometa tsitsi naye anazindikira, mayi wa zaumoyo anabisa nkhope m'chitenje. Mlamu anandipempha kuti ndimutumizire pafoni pamene pali chilombocho, kuti akaseke bwino kunyumba. Ndinamutumizira. Za mzere uja sindinakumbukire n'komwe.

Nthawi imeneyo chifuwa cha apongozi chinali chitasintha. Sichinalinso chouma chija tinachizolowera. Ankatsokomola mpaka kugwira mzati, thupi likutha. Patapita masabata awiri anawagoneka kuchipatala cha kuboma, ndipo mlamu wanga ndiye anapita kukawadikirira. Masana ena, poona kuti bambo ake angoti ndwii, anati awasangalatse. Anatsegula foni n'kuyamba kuwawerengera za Mlonda wa Chigafa, mzere ndi mzere, akumasulira m'Chichewa mokweza, odwala ena akumva. Akuti apongozi anaseka. Anaseka za chala, anaseka za kununkhiza, za kumasula zomanga ena ndiye anaseka mpaka kutsamwa. Mlamu anapitiriza osaona kutsogolo, ndipo anazindikira mawu atatuluka kale. Mu wodi imeneyo theka la odwala anali alimi a fodya. Wa pabedi loyandikana anati, "Kani achikulire mumatero?" Apongozi anangotembenukira kukhoma.

Mkazi wanga anabwera kuchokera kuboma tsiku lotsatira. Anakhala pakhonde osavula nsapato, ndipo sanakweze mawu, chimene chinandiopsa kwambiri.

"Akuti chala n'chawo, chifuwa n'chawo, chipewanso n'chawo, zimenezo musiye. Akuti kumasula anamasuladi. Koma akuti mwala uja muchotse. Iwo sanaikepo mwala m'belo."

Ndinati zimenezo n'zosavuta, mawa lomwe ndichotsa. Ndinalankhula ngati munthu wodziwa zinthu.

M'mawa ndisanalowe m'kalasi ndinali pachulu. Ndinatsegula chilombo changa, ndinafuna posinthira. Palibe. Ndinafuna pofufutira. Palibe. Ndinatsitsa, ndinakweza, ndinadina timadontho titatu tapakona, ndinatuluka n'kulowanso. Pamene kale panali posinthira panali kachithunzi ka loko. Ndinapita kutsamba la mafunso ndi mayankho, ndipo kumeneko anandiuza mwaulemu wonse kuti chinthu chofalitsidwa chimakhala m'masewera a anthu ena, ndiye mwini wake sangachisinthe kapena kuchichotsa, kuopa kuwasokoneza anthuwo. Kuwasokoneza! Munthu ali gone kuchipatala atayang'ana kukhoma, iwo akudera nkhawa mnyamata wa kutsidya kwa nyanja kuti masewera ake asasokonekere. Ndinalowa m'kalasi mochedwa tsiku limenelo, ndipo ana osalakwa anakalipiridwa chifukwa cha fumbi la pabolodi.

Panali fomu yolembera oyang'anira tsambalo. Fomuyo inkafuna usankhe chifukwa pa zifukwa zawo zokonzeratu: kodi chinthucho chinabedwa m'buku, kodi ndi cholaula, kodi chikunyoza munthu weniweni. Ndinasankha chachitatucho, ndikudzineneza ndekha ngati wakuba wodzipereka kupolisi. Ndinalemba zonse, za chikamwini, za fodya, za chipatala. Polemba netiweki inathawa kawiri, zonse n'kufufutika, ndinayambanso. Inde, zimenezo zokha ndiye zinkafufutika mosavuta. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina: "Moni, ngwazi yolimba mtima! Talandira uthenga wako." Ngwazi ndani? Mxii!

Apongozi anatuluka m'chipatala, osati chifukwa chochira. Anawapatsa mankhwala n'kunena kuti azikamwera kunyumba. Tsiku lililonse ndikaweruka mkazi wanga ankandichingamira ndi funso limodzi. "Mwachotsa?" Ndinkati adikire, akuluakulu a tsambalo akuona. Iye ankapita kukanena, n'kubwera. "Akuti chabwino, adikira." Kudikira kwake kwa munthu amene mwendo wake unali utafanana ndi mpini wa khasu.

Patatha masiku asanu ndi anayi munthu weniweni wa kutsambalo anayankha. Anati awerenga bwinobwino ndipo sanapezemo dzina la munthu aliyense, choncho chilombocho sichikuphwanya lamulo lililonse, ndipo sangachichotse. Ndinatsala pang'ono kuponya foni m'munda. Dzina? Ine dzina la apongozi sindilitchula ngakhale ndi pakamwa, ndiye ndikanalilemba bwanji? Ndipo dzina n'lachiyani pamene Chamama yense akudziwa mwini chala chimenecho? Ndinawayankha zomwezo, ndi Chingerezi chokalipa chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho. Anandibwezera moni wa ngwazi uja.

Munthu weniweni uja anali atandilangiza chinthu chimodzi, kuti ndifalitse mtundu watsopano wa chilombo chomwecho. Ndinatero. Ndinachotsa mwala, ndinalemba kuti mabelo a Mlonda wa Chigafa ndi oyera kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo palibe wogula anabwezapo ngakhale limodzi. Nthawi ino kabokosi kaja ndinakawerenga konse. Koma chakale sichinachoke. Chinangokhala pomwepo pamwamba, poti ndicho anthu anatenga ambiri, ndipo pansi pake anaikapo kamzere kotuwa koti pali china chatsopano. Ndani amawerenga kamzere kotuwa? Ine ndemwe sindinawerenge kabokosi.

Ndinalemba pansi pa chakalecho, pamene anthu amaika ndemanga, kuti chonde tengani chatsopano, za mwala ndi bodza, munthu amene ndinkamunena sanachitepo zimenezo. Wina anayankha kuti ndisadandaule, ndi masewera chabe. Wina anati chatsopanocho n'chozizira, mwala ndiwo unkakometsa. Ndiye panabwera wina, waluso lake ndithu, amene anajambula chithunzi n'kuchiika pomwepo ngati mphatso kwa ine: nkhalamba ya chipewa cha mlaza, chala chachifupi, itanyamula mwala pamwamba pa belo lotsegula. Sanawaonepo apongozi, koma anafanizira mpaka mapewa. Ndinakhala pansi pachulupo, nyerere zikundikwera, osazimva.

Ndinaganiza zotseka akaunti yanga yonse, kuti ndife nacho chilombocho. Ndinafika mpaka pomaliza, pamene anandichenjeza kuti zofalitsidwa zidzatsala, kungoti pa dzina la mwini adzalemba kuti wosadziwika. Ndiye kuti mwala ukanatsala, ine n'kutaya ngakhale pakamwa potsutsira. Ndinabwerera.

Mkazi wanga ndiye anatopa poyamba. Tsiku lina akutsuka mbale anati, "Inu, bwanji ndingowauza kuti mwachotsa? Chingerezi sawerenga, foni sagwira. Achimwene ndiwauza atseke pakamwa. Munthu apume ndi mtima umodzi."

Ndinavomera msangamsanga, ndipo ndikuchita manyazi kunena. Bodza lodzera mwa munthu wina sililemera. Iye akanapita, akananena kuti akuti achotsa, akanabwera n'kunena kuti akuti zikomo, basi nkhani yatha. Chikamwini chomwe chija ndinkadana nacho chikanandibisa bwinobwino. Tinagwirizana kuti akawauze mawa.

Mawa lakelo linali Loweruka, mwezi wa Juni, mphepo ikuwomba m'zigafa. Apongozi anali atawagoneka pamphasa padzuwa, pafupi ndi chigafa, atafunda bulangeti, kuti aziona mlamu akudinda mabelo omaliza. Ine ndinkadutsa chapatali ndi ndowa, monga mwa nthawi zonse, maso pansi.

"Aphunzitsi."

Ndinacheuka kumbuyo kuona ngati pali mphunzitsi wina. Mlamu anasiya jeke. Mkazi wanga, amene ankabwera ndi phala la odwala, anaima pomwepo.

"Aphunzitsi, ndikunena inu. Senderani kuno, mawu anga safikanso patali."

Ndinatula ndowa, ndinapita n'kugwada chapatali. Anagwedeza kachala kaja kuti ndisendere, ndinasendera mpaka bondo linakhudza mphasa. Zaka zinayi, ndipo kanali koyamba kuwaona m'maso. Anali ndi maso ang'onoang'ono ngati a mkazi wanga.

"Mwala uja watuluka?"

Mkazi wanga ankandiyang'ana, maso ake akuti vomerani. Mawu anali okonzeka kale pakamwa, amodzi okha. Koma tinali titakonza bodza loti lidzere mwa iye, osati loti ndilinene ndekha munthu akundiyang'ana chonchi.

"Wakana, bambo."

Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Ndinati ndinalembera eni ake, anakana. Ndinati ndinapanga china chopanda mwala, koma chakale chikadalipo, ndipo anthu anatenga kale. Ndinati ndinalakwa, ndinanama, ndipo ndinkadziwa kuti ndikunama pamene ndinkalemba. Iwo anamvetsera maso ali kumabelo.

"Chafika kutali?"

"Kutali, bambo. Mayiko amene ine sindinafikeko."

Anatsokomola nthawi yaitali, mkazi wanga anawagwira msana. Atapuma anati, "Ndiye kuti belo linakwera kale lole." Kenako anapitiriza. "Fodya wanu uja ndinamasula chifukwa akanapita ndi nambala yanga. Si inu nokha. Wanga yemwe ndimamasula kawiri ndisanasoke belo. Mufunseni uyu." Analoza mkazi wanga ndi chibwano, ndipo iye anavomera ndi mutu, misozi ikugwera m'phala. "Inu munasoka kamodzi."

Ndikanakonda akananditukwana.

"Musasiye," anatero. "Muziwalembera. Mwina tsiku lina adzatopa nanu."

Ndinalonjeza. Amenewo ndiwo mawu onse amene ine ndi apongozi anga tinalankhulana pamaso m'moyo uno. Anamwalira mu Ogasiti, minda isanayambe kusoswa. Pamaliro mlimi wina wa mu wodi muja anabwera, ndipo ndinamuona akunong'oneza mnzake uku akundiyang'ana. Kaya ankanena za ine kapena za mwala, sindikudziwa, ndipo zonse ziwiri zimandiwawa mofanana.

Masewera timasewerabe, ngakhale mlamu anakhala miyezi itatu osabwera. Zilombo ndimapangabe, koma zimakhala mobisa, batani lofiira lija sindiliyandikira. Mwezi uliwonse ndimakwera pachulu n'kudzaza fomu yomwe ija. Zifukwa zitatu zija ndazisankha zonse mosinthanasinthana, mpaka ndinanenapo kuti ndinaba m'buku, ndipo anandifunsa dzina la bukulo. Mwezi uliwonse amanditcha ngwazi yolimba mtima. Sanatope nane, ndipo sindikuona ngati makina amatopa.

Chaka chino fodya tinalima ine ndi mkazi wanga, m'munda womwe uja. Sabata yatha tinali m'chigafa awiri tikusankha. Ndinali nditamanga timitolo tingapo, n'kutimasula, n'kuyambanso, pamene foni inalira m'thumba. Netiweki imafika m'chigafa mwa apo ndi apo, mphepo ikachokera kusukulu. Ndinapukuta manja pathalauza n'kuyang'ana. Unali uthenga wa tsamba lija, wondiyamikira kuti munthu wina watenganso Mlonda wa Chigafa. Ndinatsegula kuti ndione kuti watenga uti. Anatenga wakale.

Mkazi wanga anandiyang'ana, anayang'ana foni, n'kubwerera kumasamba ake. Sanafunse ngati ndachotsa. Anasiya kufunsa tsiku limene tinaika bambo ake.